NKHOSWE YOFUNSA MAPEPALA

Nkhani ya sabata ino ikukhudza mabanja amene ali ndi mwana kapena mbale kunja kwa dziko, makamaka iwo amene anakagwira ntchito kunjako, nabwera kumudzi kudzamanga banja, ndipo tsopano akufuna kubwerera pamodzi ndi mkazi kapena mwamuna wawo.

M'midzi ya ku Madziabango, pa msewu wochokera ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa, ngakhalenso ku Chileka ndi ku Lirangwe, mwambo wa chikamwini ndi wodziwika kwa aliyense. Mnyamata akafunsira mbeta, ankhoswe a mbali zonse ziwiri amakhala pansi, ndipo zikatheka mnyamatayo amakakhala kwawo kwa mkazi. Kumeneko makolo amamuyang'anitsitsa ngati amalawirira kumunda, ngati angathe kumanga nyumba ndi kuluka nkhokwe, ndiponso ngati mwana wawo sadzagona ndi njala. Umboni wake unali wooneka ndi maso, chifukwa munda wolimidwa bwino subisika. Koma banja likafuna kuoloka malire, pamabwera nkhoswe yachitatu imene siinaitanidwe, ndiyo boma la dziko limene akufuna kupitako. Nkhoswe imeneyi imafunsanso funso lomwelo lakuti kodi anthu awiriwa adzadya chiyani, koma munda ndi nkhokwe siiziona. Imalandira yankho lolembedwa pa pepala basi.

Kulekana kwa mabanja chifukwa cha ntchito sikwachilendo m'boma la Blantyre. Akuluakulu akukumbukira masiku a Wenela, pamene ndege zinkanyamula amuna pa bwalo la Chileka kupita nawo ku Francistown, ulendo wa ku migodi ya ku South Africa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalaŵi oposa 100,000 anali m'migodimo. Mwamuna ankapita yekha, nakagona m'komboni ya amuna okhaokha, ndipo nkhani yotenga mkazi panalibe ndi pang'ono pomwe. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela imene inali kubwera ku Blantyre inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo anthu oposa 70 anafa. Dr H. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito ya ku migodi. Kulembako kunayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, ndipo kunatha mu 1988. Ambiri anabwera ndi njinga, wailesi ndi mabulangete, koma ena anachona, akazi awo nakalamba akuyang'ana kunjira.

Masiku ano ulendo wasintha. Opita kunja si amuna okha ayi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri a m'dziko muno anakagwira ntchito m'zipatala za ku Britain, ndipo ena mwa iwo anakhalitsa mpaka kulandira unzika wa kumeneko. Mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo ya dziko lino inasintha lamulo kuti Mmalaŵi athe kukhala nzika ya maiko awiri. Tsono khomo limene linali lotseka kwa amuna a Wenela ndi lotsegula kwa ana ndi adzukulu awo, pakuti nzika ya Britain, kapena munthu amene ali ndi chilolezo chokhala kumeneko mpaka kalekale, angathe kuitanitsa mkazi kapena mwamuna wake. Komabe pakhomopo pali muyeso wa ndalama.

Muyesowu unakhazikitsidwa pa 9 Julaye 2012. Lamulo linati woitanitsa mnzake azilandira mapaundi osachepera 18,600 pa chaka msonkho usanachotsedwe, ndipo ngati pali ana amene si nzika za Britain aonjezepo mapaundi 3,800 pa mwana woyamba ndi 2,400 pa mwana aliyense wotsatira. Mabanja ena anakadandaula ku khoti kuti lamuloli likupasula maukwati, koma mu Febuluwale 2017 khoti lalikulu kopambana la dzikolo linagamula kuti muyesowo ndi wololedwa, ngakhale linalamula kuti ubwino wa ana uziganiziridwa mokwanira. Pa 11 Epulo 2024 muyeso unakwera kufika pa mapaundi 29,000 kwa opempha atsopano, ndipo ndalama zoonjezera za ana zinachotsedwa. Boma la nthawi imeneyo linafuna kuukweza mpaka 38,700, koma boma limene linalowa mu Julaye 2024 linaimitsa ganizolo ndi kupempha komiti ya akatswiri yolangiza za anthu olowa m'dziko kuti iunike nkhaniyi. Mu Juni 2025 komitiyo inalangiza kuti 38,700 asatsatidwe.

Kuti zimveke bwino, pakhale mayi wina wa ku Madziabango, namwino, amene anagwira ntchito ku Manchester zaka khumi ndi ziwiri ndi kulandira unzika. Mayi ake atadwala, iye anasiya ntchito nabwera kudzadwazika matenda. Ali kumudzi kuno anadziwana ndi mphunzitsi wa ku Lirangwe, ankhoswe anakumana, ukwati unadalitsidwa, ndipo Mulungu anawapatsa mwana. Iye anapeza ntchito pa chipatala china mu mzinda wa Blantyre. Patapita zaka zitatu banjali likufuna kupita ku Britain. Kwa anthu a m'mudzi nkhaniyi ikuoneka yapafupi: mayiyu ndi nzika, ntchito ya unamwino kumeneko anaigwirapo kale, ndipo mwamuna wake ndi wophunzira. Akungotenga mkamwini kupita naye kumene ali ndi pokhala.

Koma nkhoswe yachitatu ija imawerenga mwa njira ina. Choyamba, malipiro a zaka khumi ndi ziwiri za ku Manchester sawerengedwa, popeza lamulo limayang'ana miyezi isanu ndi umodzi kapena khumi ndi iwiri yomaliza tsiku lopempha lisanafike. Chachiwiri, malipiro a mwamuna, amene ndiye wopempha chiphaso, sawerengedwa pamene iye akugwira ntchito kunja kwa Britain, ngakhale atakhala mphunzitsi wamkulu. Chachitatu, nzika imene ikubwerera kuchokera kunja pamodzi ndi mnzake iyenera kuonetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kalata ya ntchito yotsimikizika ku Britain, yoyamba pasanathe miyezi itatu chibwererereni ndiponso ya malipiro ofika pa muyeso, komanso umboni wakuti ntchito imene inali kugwira kunjako inali kulipira ndalama zofika pa muyeso womwewo.

Apa ndiye pagona vuto. Malipiro a makwacha amasinthidwa kukhala mapaundi pa mtengo wa tsiku lopempha. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pa mtengo wa ku banki wa chaka cha 2025, mapaundi 29,000 anali ndalama zoposa K60 miliyoni pa chaka, kutanthauza zoposa K5 miliyoni pa mwezi. Namwino wa pa chipatala cha ku Blantyre sayandikira ndalama zotere. Motero kalata ya ntchito ya ku Manchester, ngakhale ikhale yabwino chotani, payokha siikwanira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo boma la Britain nalo limaona ntchito yolonjezedwa ngati fodya wa pachala.

Njira yachiwiri ndi ya ndalama zosunga. Mapaundi 16,000 oyamba sawerengedwa, ndipo pamwamba pake payenera kukhala ndalama zoperewera pa muyeso kuchulukitsa kawiri ndi theka. Banja limene lilibe malipiro owerengeka liyenera kukhala ndi mapaundi 88,500, pamene pa muyeso wakale zinali 62,500. Ndalamazi zikhale m'banki, m'dzina la mwamuna, la mkazi kapena la onse awiri, kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anene kumene zinachokera. Mphatso ya mbale imaloledwa ngati yaperekedwa kotheratu, koma ngongole siiloledwa. Ng'ombe, chigayo, minibasi ndi matumba a chimanga, zimene m'mudzi zimapatsa munthu ulemu, pa pepala la muyeso zilibe malo. Nyumba imathandiza ikagulitsidwa, kapena ikamabweretsa lendi yolowa m'banki, malinga ngati pali mapepala oonetsa kuti inali kapena ili m'dzina la mwini wakeyo. Ndalama za penshoni nazo zimawerengedwa.

Zonsezi zikakanika, imatsala njira imene mabanja ambiri amatsata, ndiyo yolekana. Mayi uja amanyamuka yekha pa Chileka, pa bwalo lomwe lija ananyamukirapo agogo ake, nakayamba ntchito, nadikira miyezi isanu ndi umodzi kuti mapepala a malipiro akwane. Kenaka mwamuna amapempha chiphaso, ndipo yankho limatenga masabata ngati khumi ndi awiri. Banja liyenera kusankha ngati mwana apite ndi mayi wogwira ntchito usiku m'dziko lopanda agogo, kapena atsale ndi bambo ake ku Lirangwe. Miyezi isanu ndi inayi kwa mwana wa zaka ziwiri ndi nthawi yokwanira kuiwala nkhope ya kholo. Ankhoswe a kumudzi amadziwa bwino zimene mtunda umachita pa ukwati waung'ono, pakuti milandu yotere anaiweruza kale m'masiku a Theba.

Ngakhale malipiro akwane, pempho lingakanidwe chifukwa cha mapepala. Pamafunika timapepala ta malipiro ta mwezi uliwonse, masitetimenti a ku banki a miyezi yomweyo oonetsa ndalamazo zikulowa, ndi kalata ya olemba ntchito yonena ntchitoyo, malipiro ake ndi nthawi imene munthuyo wagwira. Pepala lomaliza lisapitirire masiku 28 pa tsiku lopempha. Munthu wolandira ndalama pamanja, osazipititsa ku banki, angakhale atakhetsa thukuta chaka chonse, pamaso pa lamulo amaoneka ngati sanagwire ntchito. Pamafunikanso setifiketi ya ukwati, ndipo mapepala olembedwa m'Chichewa ayenera kumasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wodziwika. Wopempha amalemba mayeso a Chingerezi cholankhula ndi kumva, ndipo pokhala wochokera ku Malaŵi amapimidwa chifuwa chachikulu. Mu Epulo 2025 mtengo wa pempho unafika pa mapaundi 1,938, ndipo ndalama za chipatala za chiphaso choyamba, cha miyezi 33, zinali mapaundi 3,105. Pempho likakanidwa, mtengo wa pempho subwezedwa.

Pali msampha wina kwa iwo amene sanatenge unzika koma ali ndi chilolezo chokhala ku Britain mpaka kalekale. Chilolezo chimenechi chimatha mphamvu munthu akakhala kunja kwa dzikolo zaka zoposa ziwiri mosalekeza. Wobwera kudzadwazika matenda kapena kudzamanga nyumba angadzidzimuke kuti iye mwini alibenso khomo lolowera, nanji kuitanitsa mnzake.

Omvera ambiri ali ndi abale ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku Durban koposa ku Britain. Kumenekonso nkhoswe yofunsa mapepala ilipo. Malamulo a mu 2014 anaika R8,500 pa mwezi pa munthu aliyense monga chitsimikizo cha ndalama pa chiphaso cha wachibale, ndipo umboni wake ndi kapepala ka malipiro kapena sitetimenti ya ku banki yosapitirira miyezi itatu. Woitanitsayo ayenera kukhala nzika ya South Africa kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika. Mmalaŵi amene analowa ndi chidindo cha masiku 30, nakhalirira akugwira maganyu, sangaitanitse mkazi wake mwa lamulo, ngakhale azitumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi osaphonya.

Tsono malangizo ndi awa. Wogwira ntchito kunja amene akuganiza za banja ayambe kusunga mapepala lero, ukwati usanafike. Malipiro alowe m'banki m'dzina lake, ndipo kapepala kalikonse kasungidwe monga momwe makolo ankasungira chiphaso cha msonkho. Wofuna kubwera kumudzi kwa nthawi yaitali awerengere bwino asanasiye ntchito, ndipo ngati n'kotheka apemphe tchuthi m'malo motula pansi ntchitoyo. Ukwati wa kwa ankhoswe ulembetsedwe kuti pakhale setifiketi. Malamulo amenewa amasintha kawirikawiri, choncho munthu awerenge zimene boma la dzikolo lalemba pa intaneti m'mwezi womwewo akupempha, kapena afunse mlangizi wovomerezeka, pakuti safunsa anadya phula. Apewe anthu a m'misewu olonjeza masitetimenti opeka, chifukwa chinyengo chikadziwika pempho limakanidwa ndipo mbiri yoipayo imatsalira m'mabuku a boma.

Mawu omaliza apite kwa makolo ndi ankhoswe. Pamene mwana wa kunja abwera kudzakwatira kapena kudzakwatiwa, pa mkeka pamakambidwa za nkhuku, za zovala ndi za tsiku la chinkhoswe. Pa mkeka womwewo pafunsidwenso kuti banjali likakhala kuti, mapepala ali pati, ndipo ngati padzakhala kulekana kudzakhala kwa miyezi ingati, ndani adzasamala wotsalayo. Mtsikana wa ku Madziabango kapena mnyamata wa ku Lirangwe ayenera kumva mayankho amenewa asanavomere, kuti akadzatsala pa Chileka akuyang'ana ndege, adziwe mwezi umene iyenso adzakwere.