Tsache, Dzenje ndi Dimba la Kuseri kwa Nyumba



Pamene anatipempha kuti tilankhule za pakhomo pa tsiku lino lokumbukira chiyambi cha Chigwirizano chathu, ena anayesa kuti tidzanena za kusoka kapena kuphika. Koma ife tasankha kunena za tsache, lomwe lija tonse taligwira m'maŵa uno tisanavale yunifolomu.

Amai athu anatiphunzitsa kuti mkazi waulemu amadziŵika ndi bwalo lake. Kukangocha ife tili kale panja, kusesa kufikira pabwalo payera mbee, kenaka kuunjika masamba ndi kuwatentha. Mwambo umenewu sitiunyoza ai. Pabwalo posesa, njoka ikadutsa usiku njira yake imaoneka pafumbi, ndipo linthumbu timaliona lisanaloŵe m'nyumba. Koma mukabwerera kwanu madzulo ano, tayang'anani m'tsinde mwa khonde. Maziko amene anakwiriridwa pomanga nyumba, lero ali poyera. Mizu ya mango yatuluka, ana akupunthwapo. Nanga dothilo linapita kuti? Lina tinalisesa tokha, pang'ono pang'ono, ndipo lotsalalo analikokolola madzi otsika pa malata, pakuti panalibe choligwira. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ndi kupha abale athu ambiri ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ndi m'maboma ena a kum'mwera. Sitikuti tsache ndilo linagwetsa nyumbazo, mvula ija inali yoposa muyeso. Koma tonse tinaona chimene madzi amachita ndi nthaka yovulidwa.

Tsono pempho lathu loyamba ndi ili: sesani, koma musatenthe. Masamba amene tikuwasandutsa utsi ndiwo chakudya cha nthaka. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza anakwera mtengo, ndipo ambiri a ife tinadandaula. Komabe m'maŵa mwake tinapitiriza kutentha manyowa athu aulere.

Kumbani dzenje kuseri kwa nyumba, pamthunzi, lakuya ngati kufika m'chiuno. Pansi yalani mapesi kapena udzu wouma, pamwamba pake masamba aaŵisi ndi makoko a nthochi ndi a mbatata, kenaka ndowe za mbuzi kapena zitosi za nkhuku, phulusa pang'ono la pamoto, ndi dothi lapamwamba. Wazani madzi kuti zinyoŵe koma zisachite chithaphwi, ndipo bwerezani chomwecho kufikira dzenje ladzaza. Zikani ndodo pakati. Patapita masiku oŵerengeka izuleni ndi kuigwira: ikakhala yofunda, manyowa akupsa, ikakhala yozizira ndi youma, onjezani madzi. Tembenuzani patatha masabata atatu kapena anai, ndipo pa miyezi iŵiri kapena itatu mudzapeza dothi lakuda lofeŵa. Amene alibe mphamvu zokumba afunse alangizi a zaulimi za chimato, mulu umene amaumata ndi matope kunja. Majumbo, mabatire ndi magalasi osweka asaloŵemo. Ndiponso zitosi za nkhuku zaziŵisi musathire pa ndiwo, zimawaula mbeu.

Manyowawo ndi a dimba la pakhomo. Tonse tidziŵa mmene zimakhalira mu Okutobala ndi Novembala: mfutso watha, ndiwo pamsika zadula, ndipo mwana akudya nsima ndi madzi a mchere. Ku sikelo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya, ndipo aŵiri mwa iwo, masamba ndi zipatso, angathe kumera pa khomo penipeni. Sitifuna munda waukulu. Mabedi atatu, lililonse lotambalala mita imodzi kuti dzanja lifike pakati popanda kupondapo, akwanira banja. Tisathamangire kabichi, amene afuna madzi ambiri ndi mankhwala, ndi kuiŵala bonongwe, luni, chisoso, denje, khwanya ndi nkhwani. Ena amati ndi ndiwo za amphaŵi. Koma bonongwe pa milungu inai mwayamba kuthyola, ndipo mukasiya tsinde limodzi likhwime, mbeu ya chaka chamaŵa simugula. Bzalaninso mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Mathuthu. Ili ndi vitamini A wothandiza maso a ana, ndipo masamba ake ndi kholowa. Ndiwo zikachuluka, futsani, koma yanikani pamthunzi popita mphepo kuti zisataye mphamvu, musanamange m'chikwatu.

Tikumva kale funso: madzi tiwatenga kuti, pomwe ku mjigo ndi kutali? Taganizani za madzi amene timakhuthulira pabwalo tsiku lililonse, otsukira mpunga, ndiwo ndi mbale, ndi otuluka m'bafa. Madzi a kubafa akangoima amaswetsa udzudzu. Kumbani kangalande kopita ku dzenje laling'ono, ikanimo miyala, ndipo m'mbali mwake bzalani nthochi ndi mapapaya. Zidzamwa madziwo n'kukubwezerani zipatso. Papaya amabala patatha chaka chimodzi chabe, koma bzalani atatu pa phando, popeza ena amatuluka amphongo. Akachita maluŵa musiye wamkazi. Madzi a kubafa ndi ochapira matewera asafike pa masamba amene tidzadya. Kolera wa 2022 ndi 2023 sitinamuiŵale. Pa mabedi gwiritsani ntchito madzi otsukira zakudya, thirirani madzulo, ndipo phimbirani nthaka ndi udzu wouma kuti chinyontho chisathaŵe. Inu amai a m'tauni amene mukhala m'nyumba za lendi, dzazani thumba lakale ndi dothi losakaniza ndi manyowa, liimikeni pambali pa khonde, boolani m'mbali ndi kuwokeramo mpiru kapena anyezi. Posamuka mudzanyamula dimba lanu.

Kutsogolo kwa nyumba, pamene madzi a padenga amathamanga, bzalani kapinga mvula ikayamba. Siyani kanjira kosesa kuzungulira khoma, kotero ukhondo ulipo ndipo chiswe mudzachiona msanga. Kapinga afuna chikwakwa kaŵirikaŵiri, chifukwa akatalika ndiye njoka zija zabwera, ndipo udzu womwetawo upite kudzenje. Musamuyandikize ku mabedi a ndiwo. Amayanga, ndipo akaloŵamo mudzalimbana naye zaka. Pamene pali potsetsereka, mzere wa vetiva wodutsa chopingasa umagwira dothi bwino. Maluŵa sitikuwaletsa, pakuti nafenso timawafuna patebulo la m'tchalitchi. Koma bulugamu ndi malaina akhale kutali ndi nyumba ndi dimba, chifukwa amamwa madzi ambiri.

Za mbuzi tinene mosabisa, pakuti zayambanitsa ngakhale amai okhala pa benchi limodzi muno. Anthu akakolola, ziŵeto amazitayirira, ndipo dimba lopanda mpanda silitha tsiku. Mpanda umangidwe mbeu zisanamere. Nsichi zake zikhale nthambi za chammwamba, zimene zimaphuka zikazikidwa, ndipo masamba ake ndi ndiwo. Nkhadze ipeŵeni pamene pali ana, utomoni wake umapweteka maso. Abambo, apa ndipo tikufunani.

Pomaliza, m'dera lililonse muli agogo ndi amai amasiye amene timakawachezera ndi ufa ndi sopo. Chaka chino, popita kumeneko, tinyamulenso makasu, tikawakumbire dzenje ndi bedi limodzi pafupi ndi khitchini. Pa msonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi mbeu imene ali nayo, kaya ya dzungu, ya bonongwe, mphukira ya nthochi kapena zingwe za mbatata, kuti tidzagaŵane mvula isanagwe. Alembi adzalemba maina a makomo oyambira.