Mvula ya ku Lisungwi imakonzedwera kunyanja yamchere

Zikomo pondiitana kuti ndidzaone nawo sukulu ino ikulandira chipangizo choyezera mvula.

Chipangizocho n'chaching'ono, ndipo ndaona ena akuchiyang'ana mokhumudwa. Musachinyoze. Madzi amene adzagweremo ndi a ulendo wautali zedi.

Mtsinje wa Lisungwi umathira mu Shire, Shire mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathira m'nyanja yamchere ya Indian ku Mozambique. Ambirife timaganiza kuti madzi akafika kumeneko amangoti zii, ulendo watha. Ayi ndithu. M'nyanjamo muli mitsinje yakeyake yopanda magombe, yoti Zambezi sangafanane nayo n'komwe.

Chimaiyendetsa kwambiri ndi mphepo. Asodzi a ku Mangochi izi amazidziwa. Mwera ukamawomba m'miyezi yozizira, umakankhira kumpoto madzi ofunda a pamwamba, ndipo ozizira a pansi amakwera kummwera kwa nyanja ya Malawi, atanyamula chonde chomwe chimachulukitsa chakudya cha usipa. Kunyanja ya Indian n'chimodzimodzi, kungoti mtunda wake ndi makilomita zikwizikwi. Mphepo yochokera kummwera chakummawa imakusa madzi otenthedwa ndi dzuwa kuchokera cha ku Australia kubwera nawo kuno ku Africa. Akagunda chilumba cha Madagascar amagawikana. Ena amadzera kumpoto n'kulowa mumpata wa pakati pa Madagascar ndi Mozambique, momwe amatsika chozungulira. Ena amadzera kummwera. Akakumananso amapanga mtsinje wa Agulhas, umodzi mwa yamphamvu kwambiri padziko lonse, womwe umatsetsereka m'mbali mwa South Africa. Kuzungulira kwa dziko lapansi nako kumakhotetsa njira ya madziwa: kuno kummwera amapotokera kumanzere, kumpoto kwa dziko amapotokera kumanja.

Abale athu omwe anapita ku Joni n'kukafika ku Durban akuuzani kuti madzi a kumeneko ndi ofunda ndipo mtunda wake ndi wobiriwira. Mbali inayo, ku Namibia, kumadutsa mtsinje wozizira wa Benguela, ndipo gombe lake ndi chipululu. Madzi ofunda ndiwo amapereka nthunzi yopanga mitambo, ozizira amaumira.

Palinso ulendo wina wa pansi penipeni. Cha ku Greenland ndi ku Antarctica madzi amazizira ndi kuchuluka mchere, n'kulemera, n'kumira, kenaka n'kumakwawa pansi pa nyanja zonse. Kuti azungulire zimatenga zaka pafupifupi 1,000. Zimenezo aphunzitsi a jogalafe adzapitiriza.

Tsono ife a ku Neno, kumtunda kuno, zikutikhudza bwanji?

Namondwe sabadwa pamadzi ozizira. Amafuna nyanja yofunda madigiri oposa 26. Freddy anabadwira cha ku Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian. Anagunda Madagascar, n'kulowa Mozambique, n'kufooka. Tinkayesa zatha. Koma anabwereranso pamadzi ofunda a mumpata uja, monga chikuni chozilala chikabwezedwa pamoto, n'kutulukiranso cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Zomwe zinachitika ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe sindingazibwereze pamaso pa ana. Freddy anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. Chaka cham'mbuyo mwake, mu Januwale 2022, namondwe Ana anaononga damu la Kapichira pa Shire yemweyu, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Achigayo, ometa ndi owotcherera zitsulo akukumbuka mmene magetsi ankazimira.

Chilala nacho gwero lake limakhala kunyanja. Zaka zina mphepo ya kunyanja ya Pacific imafooka, madzi ofunda n'kubwerera cha ku Peru, ndipo mitambo ya dziko lonse imasintha pokhala. Ndiye El Niño mumamva pawailesi uja. Mu 2024 chimanga chinauma chisanabereke, mpaka pa 23 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Nkhani ya El Niño inamveka miyezi ingapo tisanadzale, chifukwa nyanja imasintha pang'onopang'ono ndipo akatswiri amaiona. Apa ndilankhule mosapsatira: ambirife tinamva, koma tinadzala chimanga chomwecho, nthawi yomweyo, ngati chaka chilichonse. Kuno kumunsi kwa Neno n'kotentha kale. Mapira, mawere, nandolo, chinangwa ndi mbatata si mbewu zaumphawi, makolo athu sanali opusa.

M'nyanja zamchere muli tizipangizo toyandama pafupifupi 4,000 ta ntchito yotchedwa Argo, tomwe timamira ndi kuvuuka poyeza kutentha ndi mchere wa madzi. Koma palibe kamodzi komwe kanganene kuti ku Lisungwi kwagwa mamilimita angati. Mvula ya kumapiri kwa Neno ndi ya kuno n'zosiyana, nonse mukudziwa, ndipo a Nthambi yoona za nyengo sangalosere bwino dera lomwe alibe manambala ake. Manambalawo alemba ndinu.

Choncho ana inu, muziwerenga chipangizochi mmawa uliwonse nthawi imodzimodzi, ngakhale patchuthi, ngakhale tsiku lomwe sikunagwe dontho. Ziro nayenso alembedwe. A mphunzitsi wamkulu, kaundula wa manambalawa asakhale m'kabati, azifika kwa alangizi a zaulimi ndi kwa azanyengo. Mafumu athu, tithandizeni kuteteza chipangizochi kwa akuba ndi ziweto, ndiponso mitengo ya m'mbali mwa Lisungwi kwa owotcha makala. Ndipo makolo, chenjezo la namondwe likamveka pawailesi, chokani m'malo otsika madzi asanafike.

Ndi mawu amenewa, ndikupereka chipangizochi m'manja mwa sukulu ino.