Chinyengo cha pa Msika Chimadya Mwini Wache

Mau a Mlangizi wa za Ulimi, monga anawakamba pa wailesi m'nthawi ya alimi

Masika afika. Chimanga chiri m'nkhokwe, mtedza uli pa dzuwa, ndipo ogula ayamba kale kupachika masikelo ao m'mitengo ya m'mbali mwa miseu. Lero sindinena za kalimidwe iai. Ndifuna tikambirane za machenjerero ang'onoang'ono amene anthu amachita pa malonda a mbeu kuti apatepo timakobiri tapamwamba. Ena amachita ndi ogula, ena timachita ndife alimi. Phindu la machenjerero otere nlochepa, latsiku limodzi, koma chimene amaononga nchachikuru, ndipo wolipira ndi mudzi wonse.

Achikulire mukumbukira kuti kale mbeu zambiri za alimi a m'midzi zinkagulidwa ku misika ya Boma. Mu 1962 misikayo inali m'manja mwa Farmers Marketing Board, ndipo mu 1971 inalowa m'manja mwa ADMARC. Kuyambira mu 1987 Boma linalola kuti anthu wamba okhala ndi chiphaso azigulanso mbeu. Motero msika unafika pa khomo, ndipo mlimi anapumula kusenza thumba ulendo wautali. Koma pamene panali sikelo imodzi pa msika, tsopano pali masikelo ambirimbiri m'manja mwa anthu amene ena a iwo simudziwa ngakhale kwao. Chifukwa chache mlimi aliyense ayenera kukhala mlonda wa thukuta lache.

Tiyambe ndi ogula oyendayenda, amene tiwatcha mavenda. Ambiri a iwo ndi anthu okhulupirika ofuna kudyetsa ana ao monga ife tomwe. Koma alipo ena amene nzeru zao zonse ziri pa sikelo. Sikelo yopachika iri ndi kachitsulo kosinthira mubvi. Munthu akakapotoza pang'ono, mubvi umayambira kumbuyo kwa 0, ndipo thumba lirilonse limapepuka lisanakwere nkomwe. Wina poyesa amaima mokhudzana ndi thumba, nalichirikiza ndi bondo kapena ndi phazi kunsi kwache. Wina amatembenuzira nkhope ya sikelo kwa iye yekha, nawerenga mofulumira mubvi ulikugwedezekabe. Winanso amati, "Tichotsepo makilogalamu awiri a thumba," chonsecho thumba lopanda kanthu silifika ngakhale theka la kilogalamu. Musaganize kuti sikelo yamagetsi yoonetsa manambala ndiyo yosanama. Nayonso anthu amaisintha.

Nanga ndowa? Ndowa si muyeso. Yachitsulo amaikhoma kunsi ndi nyundo kuti mimba yache itsike, yapulasitiki amaiviika m'madzi otentha naitamula kuti ikule. Munthu yemweyo amakhala ndi ndowa ziwiri, yaikuru yogulira kwa inu m'mwezi wa June, yaing'ono yogulitsira kwa inu nomwe m'mwezi wa January njala itafika pa khosi.

Mwina munena kuti kilogalamu imodzi nkanthu kochepa. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Tinene kuti sikelo iri kuba kilogalamu imodzi pa makilogalamu 10 alionse. Inu mwabwera ndi matumba 10 a makilogalamu 50. Onse pamodzi ndi makilogalamu 500, koma sikeloyo idzaonetsa 450. Mwapereka thumba lathunthu kwaulere, thumba limene munalimira, kupalira ndi kukolola, ndipo mwabwerera kwanu mutathokoza.

Njira yodzitetezera ilipo, ndipo siifuna ndarama. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Tengani chigubu cha malita 5, muchidzaze mpaka pa mzere wache, mupite nacho ku msika. Pa sikelo yoona chidzapitirira pang'ono makilogalamu 5 chifukwa cha kulemera kwa chigubucho, koma sichingachepere. Paketi ya shuga yosatsegula ya kilogalamu imodzi imagwiranso nchito yomweyi. Musanapachike thumba, onani kuti mubvi uli pa 0. Imani maso anu ali pa sikelo, ndipo wogula achotse manja ndi miyendo yache pa thumba. Tengani mwana wa sukulu kuti azilemba kulemera kwa thumba lirilonse. Ndarama muwerenge nokha, imodziimodzi, musanachoke pamalopo. Dziwaninso kuti bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayesa masikelo a malonda ndi kuikapo chizindikiro chache. Sikelo yopanda chizindikirocho muli ndi ufulu woikana. Ndiponso chaka ndi chaka Unduna wa za Ulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbeu. Funsani kwa mlangizi wa kwanu musanagulitse, pakuti safunsa anadya phula.

Tsopano ndibwere kwa ife alimi, ndipo mundikhululukire ngati mau anga aluma. Pa misika imene ndimayendera ndaona matumba a chimanga okhala ndi mchenga kunsi, nyemba zosakaniza ndi timiyala tofanana nazo maonekedwe, ndi matumba oika mbeu yabwino pamwamba, yofumbwa pakati. Ndaona thonje lowazidwa madzi usiku kuti lilemere m'mawa, ndi lina lobisamo mwala. Mwala umenewo ukalowa m'makina ochotsa njere umathyola mano a makinawo. Ndaona mkaka wothira madzi, ngakhale pa malo osonkhanitsira mkaka pali kachipangizo koviika mu mkakamo kamene kamaulula madzi nthawi yomweyo.

Koma choipa koposa zonse ndicho kuthira madzi mtedza. Ena amathira kuti ulemere. Ena amathira opanda mtima wakuba, angofuna kuti makoko afewe, zala zisapweteke pakuswa. Onse awiriwa alikuitana mdani mmodzi, ndiye chuku. Mtedza wonyowa ukatsekeredwa m'thumba umatentha, ndipo m'masiku owerengeka umachita chuku. Mtundu wina wa chuku umatulutsa ululu umene akatswiri amautcha aflatoxin. Ululu umenewu unadziwika mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anafa ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi ululu womwewu. Munthu akamadya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, umaononga chiwindi ndipo umayambitsa khansa ya chiwindi. Kukazinga sikuuchotsa, kuphika sikuuchotsa, kusinja sikuuchotsa. Nthawi zina mtedza umaoneka bwino ndithu ululu ulimo.

Taganizani tsono. Mukathira lita imodzi ya madzi m'thumba, mwaonjezera kilogalamu imodzi yokha, ndipo ina imauma pa njira. Chifukwa cha mtengo wa kilogalamu imodzi mwaononga thumba lonse. Mtedza umenewo sutaika iai. Umapita ku tauni, nusanduka nsinjiro za m'ndiwo, chiponde, ndi ufa wa m'phala la ana. Mwina adzaudya ndi mdzukulu wanu yemwe ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Ndiponso dziko lonse limaluza. M'zaka za m'ma 1970 mtedza wathu wa Chalimbana unali wotchuka ku Ulaya, ndipo unkabweretsa ndarama zambiri m'dziko muno. Pofika m'ma 1990 msika umenewo unali utatipulumuka, ndipo chimodzi mwa zifukwa zache chinali chuku. Maiko a European Union salola mtedza wodya anthu ngati ululuwu wapitirira magawo 4 pa magawo 1,000,000,000. Muona nokha kuti pa muyeso wotere matumba ochepa onyowa angabwezetse katundu wa alimi ambiri amene anaumitsa wao bwino.

Alimi a fodya, inunso nkhaniyi ikukhudzani. Fodya wakhala akugulitsidwa pa okushoni ku Limbe kuyambira mu 1938, ndipo misika ina iri ku Kanengo, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu. M'zaka zonsezi ogula aphunzira machenjerero athu onse. Amadziwa za kubisa fodya woipa pakati pa belo, wabwino m'mbali. Amadziwa za mapesi, zingwe ndi mapepala apulasitiki. Belo limatsegulidwa, fodya nasololedwa pakati peni peni, ndipo pa belo lirilonse pali nambala ya mlimi. Likapezeka lachinyengo limabwezedwa. Ndarama zonyamulira ndi zokonzeranso belolo zimachoka m'thumba mwanu, ndipo kubisa fodya motere ndi mlandu pa lamulo la fodya.

Pano pali chinthu chimene ndifuna muchimvetse bwino. Ndikafunsa mlimi chifukwa chimene wathirira mchenga, amandiyankha kuti, "Sikelo yao njakuba, ndiye ndirikungobweza changa." Ndikafunsa wogula chifukwa chimene wapotozera sikelo, amati, "Anthu a kuno amathira mchenga, ndiye ndirikungochotsa mchengawo." Aliyense aloza mnzache, ndipo chaka chirichonse mchenga uchuluka, sikelo nayo ipitirira kuba. Koma wogula sangatsegule thumba lirilonse. Akanyengedwa kawiri kapena katatu, amatsitsa mtengo wa dera lonselo, kapena amasamukira kwina. Tsono amene wapwetekeka ndani? Ndi mai wamasiye uja amene anapeta chimanga chache bwino lomwe, naumitsa mtedza wache masabata athunthu. Iye alandira mtengo wa mchenga ngakhale sanathire mchenga. Akuru anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Mudzi ukatchuka ndi mbeu zonyowa, dzina limenelo silichoka msanga.

Nyengo ya dzinja ikayandikira machenjerero amatembenuka, mlimi nakhala wogula. Pali anthu amene amatenga chimanga cha m'nkhokwe, nachipaka utoto wofiira kapena wobiriwira, nachiika m'mapaketi ofanana ndi a makampani a mbeu. Chinyengo ichi nchoopsya chifukwa chimanga chotere chimamera ndithu, ndipo mlimi amakondwa poona mizere yobiriwira. Bodza lache limadzaoneka pokolola, fetereza ndi chaka chonse zitapita kale. Mbeu yeniyeni imayesedwa ndi a Boma a nthambi yoona za mbeu ku Chitedze, ndipo paketi yache imakhala ndi chizindikiro chonena mtundu wa mbeuyo ndi nambala yache. Gulani m'sitolo yodziwika imene mudzaipeza pomwepo chaka chamawa. Landirani lisiti, ndipo musataye paketi mpaka mutakolola. Mbeu yoyezera pa mbale, kapena ya mtengo wotsika modabwitsa, isiyeni.

Fetereza nayenso ena amamsakaniza ndi mchenga nasokanso thumba. Yang'anani msoko wa thumbalo ngati uli umodzi, wa makina, wopanda zibowo za msoko wakale. Pisani dzanja mpaka pakati. Ngati ndi Urea, tapani pang'ono muike m'kapu ya madzi ndi kutakasa. Urea weniweni amasungunuka yense, koma mchenga umatsala pansi.

Tsono tichite chiani? Choyamba, tiumitse mbeu zathu. Chimanga chosunga kapena chogulitsa chisapitirire magawo 13 a chinyezi pa 100, ndipo mtedza woswa ukhale pa magawo 7 kapena 8. Poti makina oyesera chinyezi sapezeka m'mudzi uliwonse, chitani chotere. Tengani botolo lagalasi louma, muikemo chimanga chodzaza dzanja ndi mchere wouma wosalala, mutseke, mukhutchumule, ndi kulisiya kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali chachiwisi, chibwezereni pa dzuwa. Mtedza wouma umalira m'makoko mukaugwedeza. Uswe wouma, ndipo wonyala, wobooka ndi wachuku muusankhe ndi kuutaya. Musaupatse ana, musaupatse nkhuku kapena ng'ombe za mkaka.

Chachiwiri, tigulitse pamodzi. Mutu umodzi susenza denga. Kalabu kapena kopaletivi ingathe kugula sikelo yacheyache yoyesedwa ndi Boma, kuti aliyense adziwe kulemera kwa katundu wache wogula asanafike. Musankhe anthu awiri kapena atatu oona thumba lirilonse lisanasokedwe, ndipo pa thumbapo palembedwe dzina la mwini wache. Gulu lokhala ndi matumba 200 a mbeu youma ndi yoyera limakambirana mtengo ndi wogula wamkuru maso ndi maso, ndipo wogulayo amabweranso chaka chamawa chifukwa wapeza anthu oti awakhulupirire.

Chachitatu, tisakhale chete. Mukapeza sikelo yakuba, musamenye munthu kapena kumlanda katundu. Kauzeni a mfumu, mlangizi, akuru a msika kapena apolisi. Musanene kuti poti ine ndagulitsa kale, za ena nzao. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Inunso mafumu, thandizani pa nchito imeneyi. Wogula wofika m'mudzi mwanu ayambe waonetsa chiphaso chache ndi sikelo yache pa bwalo, ndipo mwana wa m'mudzi wopezeka alikuthira madzi kapena mchenga adzudzulidwe pa bwalo lomwelo, pakuti alikutsitsa mtengo wa anthu anu onse.

Nthawi yanga yatha. Mawa m'mawa, musanamange thumba pa njinga, dzazani chigubu chija cha malita 5 mupite nacho. Sabata yamawa tidzakambirana za kasungidwe ka chimanga kuti anankafumbwe asalowemo.