Wa Kaloba Akafika Pakhomo

 Mawu athu lero akuchokera pa 2 Mafumu mutu 4, ndime 1 mpaka 7. Mukawerenge nokha madzulo ano.

Pamenepo tikumana ndi mayi wamasiye. Mwamuna wake anali wa m'gulu la aneneri, munthu woopa Mulungu, koma anamwalira atasiya nkhongole, ndipo mwini ndalama anabwera kuti atenge ana ake aamuna awiri akakhale akapolo. Taonani bwino: Baibulo silimudzudzula malemuyo. Ife timafulumira kunena kuti wankhongole ndi waulesi kapena chidakwa. Alipo otero, inde. Koma kumbukirani chilala cha 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka la njala. Mabanja ambiri amene anakongola fetereza ndi mbewu chaka chimenecho analima ndi mphamvu zawo zonse, mvula ndiyo inadula. Nkhokwe inakhala yopanda kanthu, koma nkhongole sinaume pamodzi ndi chimanga.

Masiku ano wokongoza satenga ana ndi chingwe, komabe ana amatengedwa. Mnyamata amasiyitsidwa sukulu kukaweta ng'ombe za eni ake. Mtsikana amakwatiwitsidwa kuti chimalo chitseke dzenje. Makolo anzanga, kuyambira 2023 lamulo la Zambia silivomereza ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ngakhale ukwati wamwambo. Mwana sanasaine nawo pepala lanu.

Tiyeni tiwerengere limodzi kaloba. Tinene kuti mwatenga K1,000 pa mgwirizano wobweza K1,500 pakutha kwa mwezi. Mwalephera. Mwini ndalama akuti tsopano chiwongoladzanja chiwerengedwa pa K1,500, ndiye mwezi wachiwiri mwafika K2,250, wachitatu K3,375. Mbuzi zapita, njinga yapita, malata akuyang'anidwa. Koma dziko lathu lili ndi lamulo la obwereketsa ndalama, Money-lenders Act, mutu 398 wa malamulo a Zambia. Limafuna kuti wochita malonda okongoza ndalama akhale ndi laisensi. Limaletsa kuika chiwongoladzanja pamwamba pa chiwongoladzanja chinzake. Ndipo chiwongoladzanja chikapitirira 48 peresenti pachaka, khoti limachiona ngati chopyola muyezo, pokhapokha wokongozayo atapereka umboni wokhutiritsa. Mwamva? Pachaka, osati pamwezi. Pa K1,000 ija, imeneyo ndi K480 chaka chonse. Woweruza ali ndi mphamvu yotsegulanso mgwirizano wotere ndi kudula zimene zili zankhanza.

Achenjezi akudziwa lamulo limeneli, n'chifukwa chake ena amakusainitsani pepala lonena kuti mwagulitsa nyumba kapena ng'ombe, pamene inu mukuganiza kuti mwangopereka chikole. Tsiku la mlandu pepala ndilo limayamba kulankhula, ndipo kulitsutsa ndi ntchito yaikulu. Musasaine chimene simunawerenge. Ngati Chingerezi chikuvuta, itanani mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo akuwerengereni mokweza, ndipo pepala lina likhale kwa inu. Reji yanu, khadi la kubanki ndi nambala yachinsinsi ya pafoni si zinthu zosiya m'manja mwa munthu.

Mulungu anaikira wokongoza malire kalekale. Pa Deuteronomo 24 wokongoza akuletsedwa kutenga mphero ngati chikole, chifukwa banja limadyera pomwepo. Akuletsedwanso kulowa m'nyumba kukadzitengera chikole, aime panja. Chofunda cha mmphawi achibweze dzuwa likamalowa. Lamulo lathu likuyenda m'njira yomweyo. Munthu sangabwere ndi anyamata ake kudzazula chitseko chanu chifukwa muli naye nkhongole. Apite kukhoti, inunso muitanidwe mukayankhe, ndipo katundu akagwidwa agwidwe ndi mabelifi okhala ndi chikalata cha khoti. Apolisi ntchito yawo si kutolera nkhongole za anthu. Koma samani ikabwera musathawire kwa achibale ku Lusaka. Pitani, kafotokozeni mmene zinthu zilili, kapempheni kulipira pang'onopang'ono. Wosapita amaweruzidwa kulibe. Amene alibe ndalama ya loya angafunse thandizo ku Legal Aid Board, ndipo ngati dandaulo lanu lili pa banki kapena kampani yokongoza ya laisensi imene yakana kukumverani, Bank of Zambia ndiyo imaziyang'anira.

Inu amayi amasiye, imvani ichi. Nkhongole ya malemu imalipidwa kuchokera pa chuma chimene malemuwo asiya, ndipo ndi ntchito ya wosankhidwa kuyang'anira chuma chamasiye. Ngati inu simunasaine nawo, musalole kuopsezedwa kuti mugulitse mapoto anu.

Ena mumamva pawailesi kuti uje walengezedwa kuti ndi bankrupt. Limeneli ndi lamulo lina, Bankruptcy Act, mutu 82. Munthu akalephereratu kulipira, iye mwini kapena amene anamukongoza amakapempha ku High Court. Katundu wake amaikidwa m'manja mwa woyang'anira, amagulitsidwa, ndipo okongoza amagawana zimene zapezeka. Zovala, zofunda ndi zida zochepa zogwirira ntchito amamusiyira. Kodi si mphero ija? Koma njirayi ndi yowawa. Kufikira khoti litamumasula, munthuyo saloledwa ngakhale kuima pa chisankho cha aphungu. Kunena zoona, ndi njira ya amalonda a m'tauni okhala ndi maloya. Mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi imamuthandiza kwambiri ndi mphasa yoyalidwa msanga, anyakwawa ali pomwepo, mboni zilipo, ndi kugwirizana kolembedwa kuti adzalipira zingati akakolola.

Tibwerere kwa mayi uja. Sanabise. Anapita kwa Elisa n'kunena zonse, ndipo apa ndi pamene ambiri timagwera. Bambo amakongola pafoni usiku, mkazi wake osadziwa; mayi amatenga ku gulu lina kuti akatseke ku gulu linzake, mpaka magulu atatu onse akumusaka. Manyazi amabala chiwongoladzanja choposa cha kaloba. Elisa anamufunsa chimene chatsala m'nyumba. Kunali kambiya ka mafuta basi. Anamutuma kukabwereka ziwiya zopanda kanthu kwa anansi, ndipo mafuta anatsanulidwa kufikira ziwiya zitatha. Akanakhala kuti anansi anamumana, chozizwitsa chikanachepa. Pomaliza mneneri anamuuza kuti agulitse mafutawo, alipire nkhongole, ndipo zotsala adye ndi ana ake. Sanamuuze kuti athawe kulipira. Koma sanalolenso kuti kulipirako kusiye ana ndi njala.

Tsopano ndilankhule ndi inu okongoza, chifukwa ena mumakhala pabenchi lakutsogolo Lamulungu lililonse. Pa Nehemiya 5, nthawi ya njala, anthu anapinyolitsa minda ndi nyumba kwa abale awo kuti apeze chakudya. Nehemiya anakwiya, anaitanitsa msonkhano, ndipo akuluakulu anabweza mindayo. Amene mumagula chimanga cha mnzanu chikadali m'munda mu Febuluwale pa mtengo wachipongwe, mutu umenewu ndi wanu. Nanunso a magulu osunga ndalama ndi a chilimba m'mipingo yathu: membala akagwa m'maliro kapena m'matenda, lembani m'malamulo anu kuti chindapusa chiime, abweze ndalama imene anatenga pa nthawi imene angathe.

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, mukudziwa nyumba zimene usiku uno sizigona chifukwa cha tsiku lolipira. Apatseni mtima wokauza mkazi, mwamuna kapena mkulu wa mpingo mawa m'mawa. Fewetsani mitima ya amene akusunga mapepala a anzawo, ndipo ana amene achotsedwa kusukulu chifukwa cha nkhongole abwerereko. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.