Makina Osindikiza Akakana Nchito

Kafue ndi mzinda wa nchito umene uli pafupifupi makilomita 45 kum'mwera kwa Lusaka. Njanji inaoloka mtsinje wa Kafue m'caka ca 1906, ndipo mu 1970 fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito yace. Koma m'nyumba zonse za nchito, zazikuru ndi zazing'ono, muli cinthu cimodzi cimene anthu saciganizira kufikira tsiku limene cikana: makina osindikiza, amene alembi amati printa. Printa ikaima, lisiti silituruka, galimoto la katundu licedwa pa sikelo, ndipo pakutha pa mwezi anchito alindira pabwalo mapepala a malipiro ao.

Bvuto limeneli limabuka kawiri-kawiri pamene Windows yasinthidwa. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inali kucitira kale, cotero ambiri anasamukira ku Windows 11, imene inaturuka mu 2021. Printa imene inasindikiza bwino dzulo ikhala cete lero, ndipo mwini nchito afulumira kunena kuti yafa. Kawiri-kawiri siinafe ai. Yangotayana ndi kompyuta.

Kompyuta ilankhula ndi printa podzera pa khomo. Khomo lakale liri ndi timabowo 25, ndipo dzina lace ndi LPT1. Khomo latsopano ndi USB, ndipo Windows ipatsa makomo otere maina onga USB001 ndi USB002. Windows yatsopano ikalowa, iwerenganso makomo onse. Pamenepo printa ingathe kukhala pa USB002, kompyuta irikutumizabe mau ku USB001, monga kalata yopita ku nambala ya nyumba imene mwini wace anasamukamo.

Tsono mlembi wanzeru ayambe ndi zapafupi. Azime makina onse awiri, aone ngati cingwe calowa bwino, ndi kuwayatsanso. Zikakanika, atsegule Printer properties, apite pa Ports, asankhe khomo limene cingwe cirimo, nasindikize tsamba limodzi loyesera.

Caciwiri ndi draiva. Iyi iri ngati womasulira wa pabwalo la milandu: imva cinenero ca kompyuta ndi kucipereka m'cinenero ca printa. Windows 11 iribe mtundu wa 32-bit, cifukwa cace draiva yakale ya mtundu umenewo siigwira nchito. Mlembi aicotse, natenge yatsopano pa intaneti kwa eni makinawo. Printa ikakhala ya Epson LX-350, ija ya riboni imene imenya mapepala a kaboni, draiva yace itengedwe kwa Epson, osati kwa munthu wa m'njira.

Cacitatu ndi mkangano weni-weni. Mu Device Manager, cipangizo cobvutika cioneka ndi cizindikiro cacikasu. Cikalembedwa Code 12, ndiko kuti casowa malo ace, kapena zipangizo ziwiri zirikulimbirana malo amodzi. Kuyambira kale LPT1 iri ndi keyala 378 ndi belu lace loitanira kompyuta, lochedwa IRQ 7. Ndipo makadi ena akale a mau anali kugwiritsa nchito belu lomwelo. Akuru anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Cipangizo cosafunika cizimidwe, kapena khomo lipatsidwe malo ena mu BIOS. Nchito ya mu BIOS iyenera munthu wodziwa, ndipo iyeyo alembe pa pepala zonse zimene wapeza asanasinthe kanthu.

Makompyuta ambiri atsopano alibe khomo lakale lija. Ena agula kadi yoonjezera, koma Windows ingathe kuicha LPT2 kapena LPT3. Dzinalo lingasinthidwe mu Device Manager kuti likhale LPT1. Ena agula cingwe ca USB cofika ku printa yakale. Cingwe cimeneci cioneka ngati USB001, ndipo pulogalamu yakale ya malipiro imene idziwa LPT1 yokha siicipeza konse.

Zonsezi zikalephera, njira yobwerera iripo. Windows isunga mtundu wace wakale kwa masiku 10, ndipo pa Recovery munthu angathe kusankha Go back. Masikuwo akapita, njirayo yatsekeka.

Eni nchito akumbukire zinthu ziwiri. Windows isasinthidwe m'sabata la malipiro, koma pa nthawi imene nchito yacepa, ndipo makina amodzi ayesedwe poyamba asanakhudzidwe ena onse. Ndiponso mlembi asadzudzulidwe msanga, pakuti mlandu suli wace. Iyenso asacite manyazi kufunsa anzace odziwa, cifukwa safunsa anadya phula. Ndalama zogulira printa yatsopano zingathe kupulumuka ndi ola limodzi la kufatsa.