Nyimbo Yobadwa Kutulo Imene Inafika Kumigodi

Usiku wina m'caka ca 1965, mnyamata wa ku Mangalande, dzina lace Keith Richards, anadzidzimuka kutulo ali ndi kanyimbo m'mutu. Anatenga gitala, naliza kanyimboko pafupi ndi kamakina kojambula mau, nagonanso. M'mawa mwace pomvetsera anapeza kuti kanyimboko kanali kakafupi ndithu, ndipo potsala ponse panali mkonono wace wokhawokha. Umo ndimo inabadwira "Satisfaction", nyimbo ya gulu lochedwa Rolling Stones.

Richards ndi mnzace Mick Jagger anali ana a mzinda wa Dartford, kufupi ndi London. Anadziwana ali ang'ono, ndipo anakomananso pa sitesheni ya sitima m'caka ca 1961, Jagger atanyamula mbale za galamafoni za Chuck Berry ndi Muddy Waters, oimba akuda a ku Amereka. Maimbidwe a anthu amenewa ndiwo anali sukulu yao. Ngakhale dzina la gulu lao analitenga ku nyimbo ya Muddy Waters. Kunena zoona, anyamatawa anayamba ndi kubwereka.

M'mwezi wa May 1965, gululi lili pa ulendo ku Amereka, Jagger analemba mau a nyimboyo ku Florida. Anaijambula koyamba ku Chicago pa 10 May, naijambulanso ku Hollywood pa 12 May. Richards anafuna kuti ciyambi cace cilizidwe ndi malipenga. Tsono pofuna kuonetsa m'mene malipengawo akanamvekera, analumikiza gitala ku kabokosi kochedwa fuzz, kamene kacititsa zingwe kulira mosasa ngati nyanga yong'aluka. Iye anayesa kuti nchito sinathe, koma anzace anaumirira kuti mbale ituluke comweco. Inatuluka ku Amereka mu June, ndipo pa 10 July inakhala yoyamba pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa koposa, nikhalapo masabata 4. Ku Mangalande inatuluka pa 20 August, nipambananso.

Kodi anthu anaikonderanji cotero? Mau ace asimba za mnyamata wotopa ndi amalonda a pa wailesi amene tsiku ndi tsiku amuuza coti agule, ndiponso wosowa mwai kwa asungwana. Zinthu zacuruka m'masitolo, koma mtima wace sukhuta. Munthu ali yense amene analandirapo malipiro pakutha pa mwezi, naona ndalama zonse zitapita ku ngongole sabata lisanathe, adziwa njala imeneyi. Akuluakulu anati nyimboyi ndi phokoso lopanda ulemu, koma acinyamata anamva kuti wapezeka wowalankhulira. M'caka comweco Otis Redding, woimba wakuda wa ku Amereka, anaiimbanso ndi malipenga eni eni, monga momwe Richards anafunira. Motero cobwereka cija cinabwerera kwa eni ace citasanduka catsopano.

Nyimbo siifunsidwa ciphaso pa malire. Mbale za Rolling Stones zinafika ndi kuno ku Zambia, dziko limene linali litangolandira ufulu mu October 1964. Mkuwa unali pa mtengo wabwino, ndipo m'makomboni a kumigodi anyamata anayamba kugwira magitala. Mmodzi wa iwo, Emmanuel Chanda wa ku Kitwe, anabvina ndi kulumpha monga Jagger, kotero kuti anamucha Jagari, ndipo anakhala woimba wa gulu la WITCH. Kulira kosasa kuja kunamvekanso m'magitala a Paul Ngozi ndi a gulu la Amanaz, limene linaturutsa mbale yochedwa "Africa" m'caka ca 1975. Anyamatawa sanangotsanzira ai. Anathiramo maimbidwe a kwao ndi zinenero za kwao, naimba za moyo wa m'komboni. Maimbidwe amenewo ndiwo achedwa Zamrock. Mtsogoleri Kenneth Kaunda analamulanso kuti nyimbo zoculuka za pa wailesi zikhale za m'dziko muno.

Mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka za m'ma 1970, magulu ambiri anatha, ndipo pambuyo pace imfa inatenga oimba ambiri. Jagari anakakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze cakudya. Komabe mbale zakale zija zinafunidwanso kunja, WITCH inadzukanso niimba ku Ulaya ndi ku Amereka, ndipo m'caka ca 2023 inaturutsa mbale yatsopano yochedwa "Zango".

Makolo ambiri ada nkhawa poona mwana akonda nyimbo zacilendo, ndipo nkhawa yaoyo si yacabe, pakuti alipo ena amene atsanzira mpaka kuiwala ng'oma ya kwao. Koma akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kholo lanzeru silithyola gitala wa mwana. Limfunsa kuti, zimene wamvazo, uimba nazo ciani ca kwanu?