Chitupa Cholembedwa "Alien" ndi Ufulu Wathu Wovota

Mawu amene analankhulidwa pamsonkhano wa ogwira ntchito m'mapulazi ndi m'nyumba za anthu ku Rimuka, m'tauni ya Kadoma

 Ndikuthokoza inu a kuno ku Rimuka, inu mwachokera ku Eiffel Flats ndi ku Chakari, ndiponso inu mwalawirira kuchokera ku Pfupajena ndi kumapulazi a m'mbali mwa mtsinje wa Mupfure ku Chegutu. Ambiri a inu Lamulungu ndilo tsiku lokhalo lopuma, choncho ndiyesetsa kuti nthawi yanu isapite pachabe.

Aliyense amene ali ndi chitupa achitulutse, ayang'ane pafupi ndi nambala. Ena mupeza zilembo zakuti CIT, kutanthauza nzika. Ena mupeza mawu akuti "alien", kutanthauza mlendo. Ndipo ndikudziwa kuti ena mulibe choti mutulutse. Pakafukufuku wanga ndinacheza ndi mayi wina wa zaka zoposa 50 pakomboni ina kufupi ndi Chakari. Anabadwira pakomboni pomwepo, bambo ake anachokera ku Dedza, iye ku Malawi sanapondeko. Nditamufunsa ngati anavotapo, anaseka n'kunena kuti, "Mwanawe, ife alendo sitivota." Mayiyu ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa, ndipo malamulo akutero kuyambira mu 2013, koma palibe anamuuza. Nkhani yanga lero ndi imeneyi.

Makolo athu sanabwere kuno mozemba. Dziko lino likutchedwa Southern Rhodesia, migodi ndi mapulazi a azungu zinkasowa anthu ogwira ntchito, ndipo boma linkawafuna ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Kunali malole a Ulere onyamula anthu osalipira, kunalinso Mthandizi wolemba anthu ntchito. Kuyambira mu 1953 mpaka mu 1963 mayiko atatu anali m'chitaganya chimodzi. Anthu athu anakumba golide ku Cam and Motor ndi ku Dalny, anatola thonje m'minda ya Gatooma ndi Hartley, amene lero ndi Kadoma ndi Chegutu, analuka nsalu ku David Whitehead, anaphika ndi kulera ana m'nyumba za mabwana. Kwawo anawatcha matchona, kuno anawatcha maNyasarandi. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ife takhala kuno mibadwo itatu, ena inayi, ndipo manda a makolo athu ali m'nthaka yomwe ino.

Dziko litalandira ufulu mu 1980, malamulo ankalola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri. Chilolezocho chinachotsedwa mu 1983, ndipo lamulo la unzika la mu 1984 linati munthu asankhe dziko limodzi. Pa nthawiyo zinali zokwanira kusayina fomu kuofesi ya boma lino. Zinthu zinatembenuka mu 2000. Mu Febuluwale chaka chimenecho boma linagonja pa riferendamu ya malamulo aakulu a dziko, kulanda mapulazi kunayamba, ndipo ogwira ntchito m'mapulazi anaganiziridwa kuti amavota monga mwa kufuna kwa mabwana awo. Chaka chomwecho Pulezidenti Robert Mugabe ananena pamsonkhano wa ndale kuti anthu a ku Mbare ndi opanda mutupo. Ife tili ndi mifunda yathu, a Phiri, a Banda, a Mwale, a Mbewe, koma mawu aja anasonyeza kumene mphepo inkalowera.

Mu 2001 nyumba ya malamulo inasintha lamulo la unzika. Aliyense wokhala ndi unzika wa dziko lina anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi, mpaka pa 6 Januwale 2002, kuti aukane motsata malamulo a dziko linalo, apo ayi ataya unzika wa Zimbabwe. Mkulu wa kaundula pa nthawiyo, Tobaiwa Mudede, anamasulira lamulolo kuti likukhudza ngakhale munthu amene kholo lake lokha ndilo linabadwira kunja. Taganizani munthu wa papulazi ku Chegutu, wolandira malipiro osakwana thumba la ufa, akuuzidwa kuti apite ku Harare, kuofesi ya kazembe wa Malawi, akakane unzika umene sanakhalepo nawo. Ambiri sanamve n'komwe za lamulolo. Pachisankho cha pulezidenti cha mu Malichi 2002 anthu ochuluka anapeza kuti mayina awo mulibe m'kaundula wa ovota.

Mu 2003 lamulo linafewetsedwa kwa ana a anthu amene anachokera m'mayiko a SADC kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'nyumba, kuti angosayina fomu yotsimikiza unzika wawo. Koma pofika nthawiyo anthu anali atabalalika kuchoka m'makomboni, ena mapepala atatayika. Kenaka mu 2005 malamulo aakulu anasinthidwa, ndipo anthu okhazikika m'dziko muno amene sanali nzika, omwe kale ankaloledwa kuvota, anatsekeredwa kunja. Umu ndi momwe lamulo la ziphaso limagwirira ntchito: silitchula mtundu wa anthu amene likuwachotsa, limangofuna pepala limene anthuwo sangathe kulipeza.

Pa zonsezi, yankho la olamulira linali lakuti dziko lodziimira palokha lili ndi mphamvu yosankha nzika zake ndi kugawa nthaka yake. Inu a ku Chegutu mukukumbukira pulazi ya Mount Carmel. Mwini wake, Mike Campbell, anatengera boma kukhoti la SADC ku Windhoek, ndipo pa 28 Novembala 2008 khotilo linagamula momukomera. Boma linakana kumvera, ndipo mu 2010 atsogoleri a SADC anaimitsa khotilo. Mlanduwo unali pakati pa eni mapulazi ndi boma. Amene ankathirira mango ndi kugona m'komboni anataya ntchito ndi pokhala, ndipo pogawa minda ogwira ntchito m'mapulazi anali ochepa kwambiri mwa olandira. Sindikutsutsa kuti dziko lili ndi ufulu wodzilamulira, ndiponso sindikunena kuti nthaka inagawidwa mwachilungamo m'nthawi ya atsamunda. Funso langa ndi lakuti, mphamvu yodzilamulirayo imachokera kwa yani? Malamulo aakulu a Zimbabwe amati imachokera kwa anthu. Ngati ndi choncho, kufufuta munthu m'kaundula wa ovota ndi kumulanda gawo lake la mphamvuyo.

Tsopano imvani bwino, chifukwa apa ndiye pagona nkhani. Malamulo aakulu atsopano anasindikizidwa pa 22 Meyi 2013. Gawo 43, ndime yachiwiri, limati munthu aliyense wobadwira m'Zimbabwe lisanafike tsikulo ndi nzika mwa kubadwa, ngati kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko la SADC, ndipo iye ankakhala m'Zimbabwe pa tsikulo. Malawi, Zambia ndi Mozambique onse ali mu SADC. Gawo 35 limati nzika iliyonse iyenera kupatsidwa kalata ya kubadwa, chitupa ndi pasipoti. Gawo 67 limati nzika ya zaka 18 kapena kuposa ili ndi ufulu wovota mwachinsinsi. Mu 2013 momwemo, pamlandu wa Mutumwa Mawere, khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti nzika mwa kubadwa siyenera kukana unzika wa dziko lina kuti ilandire chitupa. Mu Novembala 2017 khoti lalikulu ku Harare linalamula bungwe loyendetsa zisankho la ZEC kuti lilembe m'kaundula anthu obadwira kuno a zitupa za "alien", akabweretsa chitupacho, kalata ya kubadwa ndi umboni wa kumene amakhala. Nako ku Malawi aphungu anavomereza unzika wa mayiko awiri mu Disembala 2018.

Ndisakunamizeni kuti gawo 43 likukhudza aliyense. Ngati munabadwira ku Mangochi kapena ku Angonia n'kubwera kuno, njira yanu ndi ina. Gawo 38 limalola munthu amene wakhala m'dziko muno mololedwa kwa zaka 10, kapena wakhala m'banja ndi nzika kwa zaka 5, kupempha kuti alembedwe unzika. Ndiponso lamulo la unzika la mu 1984 lakhala zaka zambiri osakonzedwa kuti ligwirizane ndi malamulo aakulu, n'chifukwa chake ena amabwezedwabe pawindo ndi mayankho akale. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti losonyeza kuti anthu ambiri m'dziko muno akadali opanda chiphaso chilichonse, ndipo pakati pawo pali zidzukulu za anthu athu.

Wina anena kuti, "Kodi voti imadyedwa?" Lamulo la ntchito limene limanena za tchuthi, za uchembere ndi za kuchotsedwa ntchito limapangidwa ndi aphungu. Malipiro ochepetsetsa a ogwira ntchito m'nyumba amalengezedwa ndi boma. Madzi a ku Rimuka ndi ku Pfupajena ali m'manja mwa makhansala. Wandale amawerenga mayina a m'kaundula asanaganize kokumba mjigo, ndipo komboni yopanda ovota saiona. Ngakhale mutaika voti pambali, popanda chitupa n'kovuta kulembetsa nambala ya foni, kutsegula buku kubanki kapena kulandira penshoni ya NSSA, ndipo mwana wopanda kalata ya kubadwa amavutika ikafika nthawi ya mayeso.

Nazi zimene ndikupempha kuti tichite. Choyamba, amene munabadwira kuno ndipo chitupa chanu chikuti "alien", pitani kuofesi ya kaundula ya boma lanu ndi chitupacho ndi kalata ya kubadwa, mukapemphe chitupa cha nzika. Tengani pepala lililonse la makolo anu limene lilipo: chitupa chakale, khadi la kumgodi, kalata ya ubatizo, kalata ya imfa. Chachiwiri, lembetsani ana. Lamulo limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 chibadwireni, ndipo akakwana zaka 16 atenge chitupa. Mayi wopanda pepala amabala mwana wopanda pepala, ndipo vuto limadutsa mibadwo. Chachitatu, mukapeza chitupa kalembetseni ku ZEC. Inu ogona kuseri kwa nyumba ya bwana kapena pakomboni mulibe bilu ya madzi ya dzina lanu, koma kalata ya bwana kapena ya khansala imalandiridwa ngati umboni wa kumene mukukhala, ndipo zikakanika mukhoza kulumbira pafomu. Dzina lanu limalembedwa pamalo amodzi ovotera, choncho mukasintha ntchito n'kusamuka, kasinthitseninso kaundula. Bwana asakusungireni chitupa, n'chanu.

Chachinayi, musapite nokha. Mutu umodzi susenza denga. Pitani atatu kapena anayi, mmodzi akhale wodziwa kuwerenga. Akakubwezani, funsani mwaulemu chifukwa chake, lembani tsiku ndi zimene mwauzidwa, mupite nazo kwa oimira GAPWUZ, kubungwe la ogwira ntchito m'nyumba, kwa maloya a Zimbabwe Lawyers for Human Rights kapena ku Zimbabwe Human Rights Commission. Magulu athu a maliro, mipingo, mizikiti ndi akuluakulu a kudambwe amadziwa banja lililonse pakomboni. Iwo angathe kulemba mndandanda wa opanda mapepala mwezi uno usanathe.

Sindinabwere kudzakuuzani chipani choti muvotere. Ndikudziwa kuti ena mukukumbukira zimene zinachitika m'mapulazi mu 2000 ndi mu 2008, ndipo mantha anu ali ndi chifukwa. Chitupa cha nzika chokha sichikakamiza munthu kupita kumsonkhano wa ndale, koma chimamupatsa poimira akafuna kudandaula. Mayi wa ku Chakari uja ali ndi zidzukulu zinayi, ndipo ziwiri zilibe kalata ya kubadwa. Mukabwerera kumakomboni madzulo ano, yambani ndi mabanja ngati limenelo.